Tsiku Limene Chipale Chinatsekeredwa ndi Maloko Atatu

M'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene mvula inkangomveka m'nyimbo za kutchalitchi, m'mawa wina kunagwa zinthu zoyera.

Kunali mbuu pamchenga, pamabwato, ngakhale pamsana pa mbuzi. Ana ankagubuduka, akuluakulu ankanyambita mobisa. A Jekapu Kamtedza, wosunga makiyi a nyumba ya katundu wa mudzi, anavina opanda nsapato mpaka zala zinachita dzanzi.

Mphunzitsi wa sayansi, Mayi Nasiyaya, anayesa kufotokoza. "Ichi ndi chipale chofewa. Mphepo yozizira yochokera kumapiri yakumana ndi chinyontho cha m'nyanja, ndiye madzi aundana kumwambaku. Dzuwa likangokwera..."

"Aphunzitsi, zimenezo mukauze ana," anawadula a Chikadza, omwe anali atadzisankha kale kukhala Wapampando wa Komiti Yolandira Zogwa Kumwamba. "Ichi ndi chitukuko, ndipo chitukuko sichitoledwa chisawawa. Chimagawidwa pamwambo."

Choncho mudzi wonse unawolera chitukukocho m'matumba. A Kamtedza anachitsekera m'nyumba ya katundu yamalata ija, nakhoma maloko atatu, kudikira Mlendo Wolemekezeka. Mlendoyo, monga mwa ulemu wake, anafika dzuwa lili paliwombo.

Atatsegula, anapeza matumba ataphwa, pansi pali matope okhaokha. A Kamtedza mantha anawagwira.

"Wadya chitukuko uyu!" anakuwa Wapampando. "Amati mutu umodzi susenza denga, koma uwu wasenza matumba onse. Mmangeni!"

"Bwana, makiyi sanachoke m'khosimu," analira a Kamtedza, wapolisi atawagwira kale lamba. "Ana anga asanu adya chiyani ine ndikapita kundende?"

Unyolo usanatseke, kunatulukira mkazi wa Wapampando ali wefuwefu, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo.

"Bambo a Tione!" anakuwira mwamuna wake. "Matumba munapatutsa m'mawa aja atinyowetsera matiresi! Madzi afika pabalaza!"

Anthu anacheuka. M'mudzi wouma gwa umenewo, timitsinje tinali kutuluka pansi pa zitseko: kwa Wapampando, kwa Wachiwiri wawo, kwa Mlembi, mpaka kwa wapolisi yemwe, amene anabweza unyolo m'thumba mwakachetechete n'kuyamba kuwasasa fumbi a Kamtedza.

A Chikadza anakonza tayi, natsokomola kawiri.

"Komiti yafufuza mozama," anatero. "Bambo uyu alibe mlandu. Katundu wabedwa ndi dzuwa, ndipo zikuoneka kuti linkakamubisa m'nyumba za anthu olemekezeka."