Dzino Langa ndi Singano ya Che Bwanali

Mpaka lero ndikamaseka ndimaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo anthu amayesa ndi ulemu. Si ulemu ayi. Kumtundaku kuli mpata, ndipo mpatawo ndinachita kuuputa ndekha.

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, kukhala pakhomo ku Sadzi kunanditopetsa, choncho ndinayamba kukathandiza pa nyumba ina yosungirako okalamba yomwe mpingo wathu umayendetsa. Sabata isanathe ndinaona vuto. Agogo ambiri ankabweza chakudya, osati chifukwa chokhuta, koma mano. Ndinalumbira kuti ndithana nazo. Ndinapempha miswachi kwa akufuna kwabwino, n'kulemba ndandanda pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaimika pamzere ngati ana a Sitandade 2 (mphunzitsi sapuma, amangosintha kalasi).

Onse anandimvera kupatula Che Bwanali, telala wakale wa mumsika wa Zomba, omwe ankasokabe pamanja zigamba za anzawo onse pamalopo. Dzino lawo lakumtunda linali litawola, tsaya litatupa, ndipo anali atatha masabata awiri akungomwa phala. Ankaonda ife tikuona, ndipo zinkandisowetsa mtendere.

"Che Bwanali, dzinolo lichoke basi," ndinawauza.

"Aphunzitsi, lakumtunda sazula. Mtsempha wake umakafika m'maso. Ndikachita khungu, ulusi pa singano adzandilowetsera ndani? Inuyo?"

Ndinatola kamtengo n'kujambula mutu wa munthu pansi, kuwaonetsa kuti dzino ndi diso n'zosiyana. Anayang'ana mofatsa n'kunena kuti, "Mumajambula bwino." Nkhani inathera pomwepo.

(Apa ndiulule. Nanenso ndinali ndi langa lakumtunda, lobooka, lomwe ndinali nditalibisa chaka chathunthu. Ndinkatafunira mbali imodzi, ndipo madzi ozizira ochokera kuphiri aja ndinkayamba ndawaika padzuwa ndisanamwe.)

Sindinagonje. Ndinayenda mpaka ndinapeza dokotala wa mano, mtsikana wa msinkhu wa ana anga, yemwe anavomera kubwera ndi zida zake Lachinayi lina. Tinaika mpando pakhonde, agogo onse n'kukhala m'mabenchi. Che Bwanali anakhala chapatali, manja atapinda, akuyang'ana kumbali.

M'pamene nzeru inandibwerera. "Ndiyamba ndine," ndinalengeza, "kuti muone kuti palibe choopsa." Pokhala pampando ndinamutsinzinira dokotala uja, kutanthauza kuti angosuzumira n'kunena kuti zonse zili bwino. Kaya sanaone, kaya anaona n'kunyalanyaza, sindikudziwa.

"Yasamulani, bambo."

Anagogoda ndi kachitsulo dzino loyamba, lachiwiri, lachitatu. Atafika pa lachinayi ndinadumpha. "Mayo ine!"

"Bambo, ili linafa kalekale," anatero, mokweza ngati akulengeza m'tchalitchi. "Mwakhala nalo bwanji chonchi? Lichoke lero lomwe."

Pakhonde panagwa phwete. Agogo ena aakazi, omwe ndinkawakalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha fodya wa m'kamwa, anaomba m'manja. "Aphunzitsi athu omwewa? Ee, tionanso lero!"

Miyendo yanga inali itagwirizana kale zothawa. Koma nditacheuka ndinaona Che Bwanali atasendera pafupi, maso ali pa ine. Ndinadziwa kuti ndikangodzuka pampandopo, dzino lawo silidzazulidwanso, ndipo phala lija lidzawaperekeza kumanda.

"Zulani," ndinatero, ndi mawu ngati a mwana wa mbuzi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimba mtima ngati mwamuna. Jakisoni yekhayo ndinakankha beseni ndi phazi, madzi n'kutayikira pa nsapato za dokotala. Ndinaitana mayi anga, omwe anatisiya kalekale. Misozi inatsika yokha. Kenako ndinangomva kuti khwa! dzino lili m'mbale, thonje lili m'kamwa.

Ndinayesa kuti mayeso atha, osadziwa kuti akuyamba kumene. Che Bwanali anasolola singano pa chisoti chawo, n'kudula ulusi woyera.

"Lowetsani," anatero. "Tione ngati masowo alipo."

Abale, ine ndinasiya kalekale kulowetsa ulusi popanda magalasi, ndipo magalasiwo ndinkawasiya dala kunyumba poopa kuoneka nkhalamba pakati pa nkhalamba. Ulusi unadutsa kumanja kwa singano, kenako kumanzere. Nsonga yake inanyenyeka, ndipo kuti ndiinyowetse ndi malovu sizikanatheka, mlomo unali utachita dzanzi, m'kamwa muli thonje lokhalokha.

"Mwaona? Khungu layamba kale," ananong'ona wina kumbuyo.

Che Bwanali anayamba kubwerera pang'onopang'ono. Mtima unandipweteka kuposa chibwano. Ndinatsika pakhonde, n'kuima padzuwa, n'kukweza singano kumwamba. Ndinapukuta misozi patsaya ndi chala, n'kunyowetsera ulusi uja, n'kuupota bwinobwino. Ndinatseka diso limodzi. Ndinadziuza kuti ngakhale dzuwa lilowe, pano sindichoka. Sindinawerenge kuti ndinaphonya kangati, koma pamapeto pake kaulusi kaja kanatulukira mbali inayo.

Che Bwanali analandira singano, nakoka ulusi kuti atsimikize kuti sindinabere.

"Mwachedwa," anatero, "koma mukuona."

Anakhala pampando, nati "Bisimila," n'kuyasamula. Sanalire, sanakankhe beseni, sanaitane mayi awo. Dzino litachoka, thonje lili m'kamwa, analowetsa ulusi kamodzi kokha, n'kundiyang'ana mondimvera chisoni. Patatha sabata ndinawapeza akumaliza mbale ya mpunga wa nyama n'kupempha wina, ndipo ndinatembenuka msanga kuti asaone kuti maso anga alengeza misozi.

Phunziro ndinalitola: usanayang'ane m'kamwa mwa mnzako, yamba wayasamula pagalasi. Ndimalinena kawirikawiri, ndipo anthu amagwedeza mitu. Chomwe sindinena n'chakuti tsiku lomwelo dokotala anapezanso lina lakumunsi, nati ndipite kuchipatala mwezi usanathe. Che Bwanali anamva. Lachinayi lililonse amavala jekete n'kundiuza kuti, "Tiyeni, aphunzitsi, ndikuperekezeni, ndikakugwirani dzanja."

Ndimawayankha kuti tidikire kaye mvula ithe. Mvula yatha kawiri tsopano.