Mbatata za piripiri zandichotsa pakhomo

Lolemba

Iwe amene watola kope ili n'kuyamba kuwerenga za eni, tayankha: udamva kuti zoti mwamuna wamasiye wafa ndi njala mbatata zili kuseri kwa nyumba yake? Ngati ulibe yankho, tseka.

Asiyatu, mwana wanga, waimba foni kuchokera ku Cuamba. Akubwera Loweruka. Akuti: "Papa, chimwalirire amama simukudya. Ndikadzakupezani mutaonda, tibwerera limodzi." Kubwerera limodzi! Ndikakhale m'kachipinda koyang'anana ndi njanji, nyumba yanga kuno ku Mandimba idyedwe ndi chiswe, manda a mayi ake amere tchire.

Sindipita. Ndimuphikira chinthu choti atseke nacho pakamwa. Ndidachiona kamodzi pa baraka ina, kanyumba kogulitsiramo zakudya, ku Cuamba komweko: mbatata yootcha, yong'ambidwa pamimba, m'kati atathiramo nyemba, anyezi, nsomba ndi piripiri. Kukonza njinga ndidaphunzira ndekha. Mbatata ingandikanike?

Lachiwiri

Ndikukumba. Ndikufuna zazikulu, zowongoka. Zimene zikutuluka:
zoonda ngati sipoko ya njinga,
zofumbwa,
zimene mfuko idalawa n'kusiya,
zabwino, zosadzaza n'chipewa chomwe.

Mayi ake Asiyatu ankadziwa mzere woyamba kukumba. Sadandiuze. Inenso sindidafunse.

Abiti Saide, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda: "Atate ake Asiyatu, mbatata n'za tiyi. Mlendo mukam'patsa mbatata amakanena kwawo kuti adagona ndi njala." Ndawayankha kuti mpanda ndidaumanga kuti uzitchinga mbuzi ndi nzeru za anthu. Apita osatsanzika. Ndimalankhula zoona, basi.

Lachitatu

Uvuni ndilibe. Ndapanga wanga: chitini cha mafuta, mchenga pansi, makala pamwamba.

Yoyamba: kunja khala, m'kati mwala.
Yachiwiri: wabwera munthu ndi chubu chobooka. Pobwerera ndapeza phulusa looneka ngati mbatata.
Nyemba zili pamoto chiyambire m'mawa. Zikulirabe mumphika ngati timiyala. Kodi mkazi uja ankaziuza chiyani kuti zifewe?

Chakudya cha lero: mtedza ndi madzi. Lamba ndam'boola bowo lina ndi msomali. Wamva ndani? Palibe.

Lachinayi

Kumsika. Nsomba zouma za ku Amaramba, anyezi, ndi piripiri wamng'ono wofiira kwa mayi wina wa ku Ngauma. Akuti: "Bambo, kamodzi kakwana mphika wonse." Ndatenga dzanja lodzaza. Sindine mwana.

Mtondo kulibe. Udapita kwa Abiti Saide masiku a maliro, ndipo ndi mawu anga a Lachiwiri aja sindingakaupemphe. Piripiri ndikufinya ndi zala pamwala.

Epa! Imodzi yatheka! Khungu louma, m'kati mofewa, nyemba zakhala bwino pamimba pake, nsomba pamwamba. Ndadya chiimire, thukuta kamukamu. Ndatembenuka kuti ndinene "talawani". M'khitchini muli ine ndekha.

Komabe yatheka. Asiyatu abwere.

Lachisanu

Tsiku loipa.

M'mawa ndaotcheratu mbatata zonse zabwino, zamawa. Ndikufinya piripiri wina, ndamva kuitana kwa kumzikiti. Ndapukuta manja pathalauza, liwiro.

Kutawaza: madzi m'manja, m'kamwa, m'mphuno, kumaso. Kumaso! Ndi zala zomwezo!

Moto. Ndaima pamzere, maso sakutseguka, misozi chuchuchu, mamina mpaka pandevu. Kutuluka sindingatuluke, kumbuyo kwadzaza. Ndipo mwa nkhani zonse za padziko, a shehe asankha kulalika za kupirira pa imfa.

Titamaliza, mnzanga Che Ajusa andigwira paphewa: "Lirani, m'bale wanga. Mwazisunga nthawi yaitali." Ine! Amene pamaliro pomwe sindidagwetse dontho! Ndati ndinene "piripiri", pakhosi patuluka kulira kwa mbuzi. Winanso wayamba kusisima.

Andiperekeza gulu lonse mpaka pakhomo, wina kundigwira mkono ngati wakhungu. Pakhonde mbatata zanga zili m'lichero, poyera. Anthu afika chakudya chili poonekera, ungatani? "Tiyeni tidye." Mawu amenewa amatuluka okha, ngakhale mtima ukukana.

Adya. Zonse. Mpaka makoko.

Ndamva wina akunong'ona: "Taonani, za tiyi masana ano. Mwana wawo adziwe." Che Ajusa anali atatulutsa kale foni.

Loweruka

Asiyatu watsika chapa, minibasi ya kuno, ndi matumba opanda kanthu. Munthu wobwera kudzacheza sabwera ndi matumba opanda kanthu.

Maso anga atupa ngati a chule. Ndafotokoza. Akuti: "Inde, papa." Ndafotokozanso mokweza. "Inde, papa." Mawu omwe ankauza mayi ake m'chipatala.

Zatsala zofumbwa zokha. Ndasankha yooneka bwino, ndaotcha, ndang'amba, ndathira zonse m'malo mwake. Mbatata yofumbwa imawawa ngati kwinini, aliyense amadziwa. Waluma. Watafuna. Wameza. "Zakoma, papa." Kenako misozi. Ngati ndi piripiri kapena ayi, sindidafunse.

Waona lamba pamsomali. Waliyang'ana nthawi yaitali bowo latsopano lija.

Madzulo ano akupinda makapulana, zitenje za mayi ake. Ine ndakhala panja.

Lamulungu

Masipanala ndamanga m'thumba. Nkhuku zapita kwa Che Ajusa. Kiyi wapita kwa Abiti Saide, amene abweza mtondo lero, lero limene, ndi kumwetulira. Ndapita kumanda, ndazula udzu ndi manja. Ndawauza mayi ake kuti ndikubwera mvula ikatha. Sindikudziwa ngati ndanama.

Chapa inyamuka ikadzaza. Ndipita. Sindilimbananso ndi mwana.

Koma chimodzi chokha chikonzedwe. Lachisanu likudzali a shehe aimirire pamaso pa anthu onse, pomwe padagwa misozi paja, anene momveka kuti anali piripiri wa ku Ngauma. Ndipo amene adadya mbatata zanga anene zoona, mmodzimmodzi, kuti zinali zakupsa bwino.