Foni Yatsopano ndi Tizilombo ta M'thonje

Lolemba

Foni yafika! Esinati, mwana wanga wogwira ntchito ku Kapichira, wanditumizira yake yakale, yopalasa ndi chala ija. Yafikanso pa nthawi yake. Masamba a thonje langa ayamba kupiringizika, kunsi kwake kuli tinthu toyera. Alangizi athu sabata ino ali pa maphunziro ku boma, koma akuti: "Mujambule pafupi kwambiri munditumizire, ndikuuzeni mankhwala ake."

Komatu foni ya ine, mlembi wa kalabu ya alimi, singamaoneke ngati yotola. Ndondomeko:
1. Kava.
2. Chithunzi chapatsogolo.
3. Mabelu ondikumbutsa ntchito.
4. Loko.
5. Tizilombo.

Amake Esinati akuti ndiyambire nambala 5. Iwowa za ndondomeko sazidziwa.

Lachiwiri

Ulendo wa ku boma pa njinga. Kava ndampeza, wonyezimira ngati golide. Wogulitsa akuti ngati ameneyu ali ndi abwana ena kuesiteti ya nzimbe basi.

Masana onse ndili pansi pa bwemba, jekete pathupi, thukuta kamukamu, kudzijambula. Chithunzi chilichonse mbuzi ya a Zuze, aneba athu akwawo ku Mozambiki, ikulowerera. Chimene ndaoneka bwino ine, mbuzi yaoneka bwino kundiposa. Ndaika chomwecho.

Kumunda sindinafike. Tizilombo sitithawa.

Lachitatu

Mabelu atheka, ntchito iliyonse kulira kwake:
kudzuka, tambala;
kumunda, ng'oma;
kumwetsa ng'ombe, lipenga;
kupuma, nyimbo yakwaya.

Tambala wa m'foni wakwiyitsa tambala weniweni. Akhala akuyankhana mpaka dzuwa kutuluka.

Loko ndaika wa chala chachikulu. Palibenso wotsegula foniyi kupatula ine. Ndalima mizere isanu, ndikuti nditsegule ndijambule, foni yandikana. Ndapukuta chala, yakana. Ndanyambita, yakana! Khasu lachikhakhalitsa. Ndaimbira Esinati pa foni ya amake. Akuti: "Adadi, chalacho muzichisamala."

Ndiye khasu ndayamba ndalisiya.

Lachinayi

Chala chagona m'mafuta odzola. Foni yatseguka!

Ndafika kumunda belu la ng'oma litalira, ndagwada, ndatembenuza tsamba. Mphepo. Tsamba likugwedezeka, kava akundithobwa m'maso. Pofika teni koloko foni yalemba kuti yatenthedwa, yazima yokha. Foni yozolowera ofesi ya mphepo yozizira, dzuwa la kwa Katunga siilidziwa. Ndaigoneka pamthunzi, ndikuikupiza ndi chipewa. Amake Esinati adutsa ndi khasu paphewa. Akuti: "Ine zaka zonsezi simunandikupizepo."

Zithunzi zitatu zatumizika. Yankho la alangizi: "Bambo, ndikungoona zobiriwira. Limeneli ndi tsamba kapena khoma?"

Tinthu toyera tija tafika mizere yakumunsi, cha kudambo.

Lachisanu

A Zuze amadziwa zinthu. Akuti dontho limodzi la madzi pa diso la kamera limakulitsa chilichonse. Kuti apeze pokonzera, asintha chilankhulo cha foni kukhala Chipwitikizi. Adontheza ndi kaudzu. Ndayandikiza.

Mayo ine! Chilombo chonse chadzaza galasi. Choyera ngati chagubuduka muufa, nyanga ziwiri, timiyendo, ubweya m'mbalimbali. Chithunzi chokongola chotere sindinajambulepo chibadwire. A Zuze angoyamikira m'Chisena: "Pyadidi!" nkunyamuka kupita ku Nsanje kukaona odwala. Chipwitikizi achisiya momwemo.

Ndadina pamene ndikuganiza kuti ndi potumizira. Chapita. Koma chapita ku gulu la mpingo.

Mayankho:
"Moto! Chibwerere komwe chachokera!"
"Achituluka m'thupi mwa ndani?"
"A mlembi, tikubwera kudzapemphera."

Abweradi amayi anayi a chigwirizano. Apemphera, amwa thobwa, apita. Kufufuta chithunzicho sindikutha. Ndayesa, chatumizikanso kachiwiri.

Loweruka

Ndadzuka, amake Esinati kulibe. Athyola masamba anayi, aika m'botolo, akwera kabaza mpaka ku boma. Pofika masana abwerako, mpope wopoperera uli kumsana, dzina la mankhwala lili pa kapepala.

Alangizi akuti ndi kodikodi. Angoyang'ana kamodzi. Akutinso mizere yakumunsi tizule titenthe, yapita imeneyo, kwinako tipopere msanga. Ndipo afunsa: "Lachiwiri ndinawaona bambo pamsika akusankha kava. Tsamba limodzi linawalemera?"

Amake Esinati andiuza mawu amenewa kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono.

Tazula. Ndagwira ndi manja onse, chala chachikulu chomwe. Thonje lomwe ndinabzala ndekha ndi mvula yoyamba, lina litayamba kale maluwa. Utsi uli tolo, m'thumba mwanga mwalira nyimbo yakwaya: nthawi yopuma. Kuzimitsa sindingathe, foni yandikananso. Yaimba mpaka batire kutha. Palibe waseka.

Lamulungu

Foni ili pawindo, yachajidwa, yokhoma, ikulankhula Chipwitikizi. A Zuze akuti abwera odwala akachira.

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni ndi manja awiri, ena akundiyang'ana pakhosi ngati muli china chotsalira. Ndafotokoza kuti ndi kachilombo ka m'thonje, kochepa kuposa njere ya mapira. Sakukhulupirira. Akuti kachilombo sikakhala ndi nkhope yotero.

Mawa tipopera mbandakucha. Mpope ndisenza ine, atero amake Esinati, ndipo sindinatsutse.

Potuluka, abusa andikokera pambali. Akuti chithunzi chija chawagwira mtima, ndili ndi mphatso. Sabata yamawa akulalikira za miliri ya ku Iguputo, ndiye akufunsa ngati ndingawapezere zilombo zina zoti akaonetse akhristu.

Ndawauza kuti abwere kumunda ndi mabotolo. Zilipo zokwanira mpingo wonse.