Mimba ya Fada Khirisimasi

Nyimbo za Khirisimasi zikayamba kumveka, anzanga amakumbuka mpunga ndi nkhuku. Ine ndimakumbuka bwana wina wa suti yatsopano atakwera pa tebulo, akuitana amayi ake m'Chibemba. Amene anamukwezetsa patebulopo ndine, ngakhale sindinachite dala.

Inali Khirisimasi yoyamba dziko litalandira ufulu. Tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Kitwe, amuna anga, bambo a Tereza, akugwira ntchito pansi. Mkuwa unkagulidwa bwino masiku amenewo, moti aliyense ankayenda ngati ali ndi gawo lake m'thumba, ngakhale amene anali ndi nsapato imodzi. Kampani inali ndi holo ya welofeya kumene akazi a pamgodi tinkaphunzira ntchito zamanja ulere: kuluka, kusoka, ndi kupanga maluwa a mapepala (maluwa enieni ankamera okha kuseri kwa holoyo, koma amenewo sanapite kusukulu). Mphunzitsi wathu anali Dona wina wachizungu, wamtali, wa makiyi a kabati pa lamba. Akamayenda ankamveka ngwee ngwee, ife n'kukhala chete.

Tsiku lina Dona anatiuza kuti akubwerera kwawo, ndipo makiyi adzasiyira mmodzi wa ife. Aliyense apange chokongoletsa cha Khirisimasi ndi zinthu zosagula, monga manyuzipepala akale, zitini ndi phala la fulawa. Amene adzapose anzake ndiye adzakhale mphunzitsi.

Ndisaname, makiyi amenewo ndinawafuna ndi mtima wanga wonse. Nditafika kunyumba ndinamanga masupuni atatu m'chiuno n'kumayenda uku ndi uku kukhitchini kuti ndimve mmene ndidzalirire.

Wondilepheretsa tulo anali mmodzi, Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyang'anana ndi yathu. Manja ake anali aluso, koma pakamwa pake m'pamene panali luso lenileni. Mudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Lamulo lake ndi limodzi: akakuponyera, nawenso ponya. Sukana ayi.

Lamulo limeneli ndinaliphwanya. Ndinafika mochedwa ku kalasi tsiku lina, Bana Mulenga n'kukweza mawu.

"Ba mbuya, mwabwela late lelo. Munali kukumba ndiwo?"

Azimayi anaseka. Yankho ndinali nalo pakamwa, lakuti ndinachedwa ndi kupirikitsa ndiwo zawo m'mitengo. Koma Dona anatembenuka n'kufunsa chimene tikuseka, wina n'kuyamba kumumasulira. Ndinaona makiyi anga akuthawa. Kodi Dona angasiyire kabati munthu wodya mbewa?

"Ine mbewa siniziba," ndinatero, khosi litawongoka. "Ninakulila ku mishoni, kwa masisitele. Nikaona mbewa nimathaba."

(Ku mishoni ndinkapitako Lamulungu lokha. Kwathu ku Katete anyamata ankachita kudzandipempha kwa amayi popita kokumba mbewa, chifukwa dzanja langa linali lachangu kuposa awo onse.)

Bana Mulenga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Awe mukwai, ninshi munakula movutika," anatero, n'kupitiriza kudula mapepala ake.

Anzanga anasankha zinthu zazing'ono. Ena nyenyezi za mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya, ena angelo a zisononkho. Bana Mulenga anayamba unyolo wa mapepala amitundumitundu. Ine ndinati za ana zimenezo. Pa chitini cha mabisiketi cha Dona panali chithunzi cha Fada Khirisimasi, nkhalamba ya ndevu zoyera ndi chimimba, ndipo ndinatsimikiza kupanga ameneyo, wamkulu ngati munthu weniweni atakhala pansi.

Mutu ndinaupangira ku holo. Nkhope ndinaipaka laimu wosakaniza ndi polishi wofiira wa pansi, n'kukhala yofiirira bwino ngati ya pachitini. Ndevu ndinatenga thonje la m'pilo ya bambo a Tereza (mpaka lero amakhulupirira kuti piloyo inaphwa yokha). Ndili mkati momata ndevuzo, analowa Ofisala watsopano wa welofeya, munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando umenewo. Anali mnyamata ndithu, koma suti inamukalambitsa. Ankayenda ndi kandodo kakafupi kolozera zinthu.

Anaima pa mutu wanga uja n'kuuloza.

"Mayo, tili free manje. Uyu muzungu afuna chani futi?"

Ndinali nditaiwala kuti oweruza ndi awiri, Dona ndi iyeyu. Madzulo omwewo ndinatenga polishi wa jombo za bambo a Tereza n'kuipaka nkhope yonse bii. Ndevu zinatsala zoyera. Nditamaliza, Fada Khirisimasi anafanana kwambiri ndi amalume anga a ku Katete, moti ndinatsala pang'ono kumugwadira. Dona ataona anangotsokomola.

Thupi ndinalipangira kunyumba. Mafupa ake anali waya wa khola la nkhuku. Vuto linali mimba. Manyuzipepala aulere anatha msanga, poti m'komboni nyuzipepala inali ndi ntchito zambiri: abambo ankapichirira fodya, amayi a pamsika ankakulungira kapenta, ndipo ntchito inayo mukuidziwa. Ndiye ndinakumbuka thumba la mtedza limene apongozi anatitumizira. Ndinatenga makoko onse n'kuwathira m'mimbamo, osasamala kuti mtedza wina unatsalira. Fulawa wa Dona atatha ndinaphika phala la ufa wa mgaiwa, n'kuthiramo shuga pang'ono chifukwa ndinamva kuti shuga amamata. Ndikaganiza lero, chimene ndinamanga sichinali chidole ayi. Inali hotela.

Mvula inali itayamba, ndipo Fada Khirisimasi anakana kuuma. Ndinamuika m'kachipinda ka makala kuseri kwa nyumba, pamphepo, n'kutseka chitseko kuti Bana Mulenga asaone luso langa. Anakhala mmenemo mpaka kunja kunalimba gwa. Zam'kati sindinafunse.

Bambo a Tereza ndi amene anayamba kukayika. Anapita kukatapa makala, n'kubwerako akukanda m'mutu.

"Amake Tereza, munthu wanu uja akupuma."

"Mabomba a pansiwo akugonthetsani, mwayamba kumva zanuzanu."

"Ndati akupuma. Ndamukankha pang'ono, walemeranso."

"Ndi chinyezi," ndinatero. "Inu za mkuwa, ine za luso. Tisalowererane."

Anangoti chabwino. Amuna anga anali munthu wodziwa nthawi yosiya nkhani.

Tsiku lachionetsero tinamukweza pa wilibala n'kumufunditsa chitenje. Njira yonse ana ankatitsatira, ena akufunsa ngati tikupita ndi wodwala kuchipatala. Mu holo munadzaza anthu. Unyolo wa Bana Mulenga unazungulira denga lonse, ndipo ndivomere, unali wokongola. Koma nditavundukula chitenje changa, holo yonse inati haa! Malaya ofiira a polishi, ndevu mbuu, mimba kutsogolo ngati ya kapitawo. Ndinagwira m'chiuno mwanga, pamalo pamene makiyi ankadzakhala.

Ofisala anaimirira kulankhula. Anayamba ndi ufulu, n'kupita ku mtengo wa mkuwa, n'kubwereranso ku ufulu. Kenako anatsika pa nsanja n'kudzaima pafupi ndi Fada Khirisimasi wanga, nkhope ikuwala.

"Onani, bamayo na batata! Uyu ni Fada Khirisimasi wathu, wa dziko latsopano. Onani mimba iyi! Mu dziko la ufulu, munthu aliyense azankhala na mimba monga iyi!"

Anthu anaomba m'manja. Iye, pofuna kutsindika, anamenya mimbayo ndi kandodo kake. Phu! Mimba inayankha. Ndinaiona ikugwedezeka ndi maso angawa, koma ndinadziuza kuti ndi chinyezi. Anamenyanso kachiwiri, mwamphamvu, ndipo pamchombo panabooka.

Choyamba panatuluka makoko a mtedza. Kenako panatuluka mutu wa ndevu zazitali, n'kuyang'ana anthu ngati ukufunsa amene wagogoda. Pambuyo pake linatuluka banja lonse, akulu ndi ana, azakhali ndi alendo omwe. Ena anatsikira m'miyendo, ena anatulukira m'ndevu, wina anakwera kandodo kaja n'kulowa m'dzanja la suti.

Sindinaonepo holo ikusanduka msika mwachangu chotero. Azimayi anakwera mabenchi. Dona anakumbatira kabati yake. Ofisala anali kale pa tebulo, akuvula jekete uku akufuula, "Mayo! Mayo ine!" Amayi ake sanabwere.

Tsono apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Munthu wokulira kwa masisitere anayenera kukwera benchi ngati anzake. Mutu wanga unadziwa zimenezo, koma dzanja silinauzidwe. Chimodzi chitadumpha kuchoka paphewa la Fada Khirisimasi, dzanja langa linachiwakha m'malere, pakhosi penipeni, pamene sichingatembenuke kuti chikulume. Phazi lamanzere linaponda mchira wa china. Zonsezi zinachitika ndisanaphethire.

Bana Mulenga, ali pamwamba pa benchi, chitenje atachikwinyira m'mawondo, anapeza mawu ake.

"Iyee mayo! Fada Khirisimasi wa kum'mawa watiletela mphatso! Ba mbuya, mwabwela na ndiwo za Khirisimasi! Mbewa, mbewa!"

Apa ndikanangoseka, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mawu akuti mbewa anandilasa pamtima. Kunamizira mtundu wanga kuti umadya zinthu zonyansa ngati zimenezo! Ndinatukula chimene chinali m'dzanja langa kuti onse aone.

"Mbewa iti? Uyu ni khoswe! Khoswe sitidya ife! Onani muchila, utali kupambana thupi, ulibe na ubweya. Onani pamimba, mbii monga phulusa. Nunkhizani, fungo la m'nyumba! Mbewa yeniyeni ni ya kumunda, pamimba poyela. Kapuku ni wamung'ono, wofewa, umadya na mafupa omwe. Phanya ni wamukulu, miyendo yakumbuyo itali, ndipo ukamuwamba bwino na kamuchele..."

Ndinaima pamenepo chifukwa ndinamva kuti holo yakhala chete. Ngakhale makoswe anali atasiya kuthamanga. Munthu uja womasulira anali pafupi ndi Dona, akumasulira mokhulupirika mpaka pa mchere.

Bana Mulenga anatsika pa benchi pang'onopang'ono, n'kukonza chitenje chake.

"Ba mbuya," anatero mofatsa, "masisitele aja anali kuphunzitsa bwino."

Kuseka kumene kunatsatira ndimakumvabe. Anaseka Abemba, anaseka a kum'mawa anzanga, anaseka bambo a Tereza kumbuyo mpaka kugwira khoma. Ine ndinali chiimire pakati pa holo, khoswe m'dzanja, ndipo panalibe poti n'kumuika.

Makiyi a kabati anapita kwa Bana Mulenga. Ndinalira kunyumba, osati pang'ono. Sindinalirire makiyi okha. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinakana kwathu pamaso pa anthu chifukwa cha kabati ya mapepala ndi singano, ndipo kwathuko kunanditsatira mpaka mu holo. Ndinalumbira kuti ku welofeya sindidzapondako.

Chaka chatsopano chitalowa, Bana Mulenga anagogoda pakhomo, makiyi ali ngwee ngwee m'chiuno (anachita kuwagwedeza dala, ndikudziwa). Anati Ofisala akundifuna. Alendo a Fada Khirisimasi sanabwerere kwawo ayi. Anasamukira m'sitolo ya holo, ndipo anali atadya fulawa wa kalasi, ulusi, ndi theka la mbendera. Mphaka wa kampani anayesa, n'kusiya ntchito.

Ofisala sanandiyang'ane m'maso. "Mayo, dziko latsopano lifuna munthu aliyense na luso yake," anatero, n'kundipatsa kiyi wa sitoloyo.

Ndinamulandira, nanga n'kutani? Ndinamumanga m'chiuno n'kuyenda naye kubwerera kunyumba, ndikuponda mwamphamvu kuti anthu amve. Palibe anatembenuka. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kiyi mmodzi salira.

Makoswe ndinawamaliza, ndipo ine ndi Bana Mulenga tinakhala pa ubwenzi mpaka tonse tinasamukira ku komboni ya Ndeke titakalamba. Khirisimasi iliyonse ankaima pa mpanda n'kufuula, "Ba mbuya, Fada Khirisimasi afika liti? Kuno tilibe ndiwo!" Ndinali nditaphunzira kuyankha, ndipo ndinkamuuza kuti akwere mumtengo akadzithyolere yekha.

Adzukulu anga nkhaniyi amaikonda, ndipo amaikometsera mmene afunira. Akati Ofisala anakomoka, ndimangoti eya. Akati ndinagwira ziwiri ndi dzanja limodzi, sinditsutsa. Koma wina akangoti m'mimba mwa Fada Khirisimasi munatuluka mbewa, ndimaika pansi chimene ndagwira n'kuimirira. Anali makoswe, ndipo khalani pansi ndikuuzeni kusiyana kwake.