Mmene Kasokwe Anatulukira mu Mgwirizano wa Mayiko Awiri

Tcherani khutu, inu a kumtunda ndi inu a kumadambo, inu opalasa njinga ndi inu okwezedwa pakaliyala, mumve za chaka chachikulu chija, chaka chimene mvula inagwa bwino, mtedza n'kubereka ngati wapenga, chaka chimene amuna a mudzi wa Kasokwe, m'dziko la Mwase Lundazi ku Zambia, anadzuka ndi mitima ya mikango n'kulumbira kuti adzathyola goli la mlendo. Ndinena mwachangu, chifukwa eni akewo anatayapo kale miyezi iwiri pa nkhani imeneyi.

Mlendoyo anali mudzi wa Thope, wa ku Malawi. Pakati pa Kasokwe ndi Thope pali malire a mayiko, ndiko kunena kuti pali msewu wafumbi umene nkhuku imawoloka kasanu pa tsiku popanda pasipoti. Golilo linali Mgwirizano wa Mayiko Awiri wa Alimi a Mtedza, umene chuma chake chonse chinali makina amodzi osendera mtedza: bokosi lachitsulo la miyendo inayi, pansi pake sefa wa mabowo, pamwamba mkono umene munthu amaukankha uku ndi uku mpaka makoko aphwanyike, mtedza n'kudutsa m'mabowomo. Sabata ino makina ankakhala ku Kasokwe, sabata yamawa ku Thope, ndipo zinayenda choncho zaka khumi ndi ziwiri popanda wofa.

Koma Lolemba lina, kumayambiriro kwa mwezi wa Juni, makina sanabwere ku Kasokwe. Anabwera Lachitatu, mkono wake utamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ku Thope kunali maliro sabata imeneyo, ndipo Kasokwe yense anapitako n'kukadya, koma mbiri ya nkhondo sisamala tinthu totere.

Pamenepo anaimirira Manasseh Zgambo, Njovu ya Kasokwe, Mphenzi Yogwa Kopanda Mtambo, Iye Amene Anaonako ku Boma, pakuti anali mesenjala pa ofesi ina ku Lundazi zaka zisanu ndi zinayi, n'kubwerako ndi jekete limodzi ndi mawu akuluakulu. Anakwera pachulu, natambasula dzanja kuloza kum'mawa.

"Abale anga a Kasokwe! Kodi ndife akapolo? Dziko lathu linalandila ufulu kalekale, koma nshawa zathu zikali kudikila chilolezo cha anthu akunja! Lelo atilanda masiku awili. Mawa adzatilanda mwezi. Mkuja adzatilanda akazi athu!"

"Ayambe na wanga!" anakuwa Eston, munthu amene sanaphonyepo msonkhano wokhala ndi thobwa.

Tsiku lomwelo kunabadwa Chipani cha Tituluke, ndipo chizindikiro chake chinali chala chachikulu choloza kumwamba. Posachedwa kunabadwanso Chipani cha Tikhale, chotsogozedwa ndi Ezron Mtonga, Fulu wa Nzeru, Mwini Mafaelo, mphunzitsi wopuma wochokera ku Chipata, amene analinso wapampando wa Mgwirizano kumbali ya Kasokwe. Ndinene pano kuti tisachedwetsane: Manasseh sankadana ndi Mgwirizano. Ankadana ndi Ezron, amene anamugonjetsa kawiri pa mpando umenewo.

Tsono m'nyumba ya Njovu yomweyo munali Evelina, mkazi wake, ndi matumba khumi ndi anayi a mtedza wosasenda umene analima yekha. Lole ya wogula wa ku Chipata inkabwera kamodzi kokha pa chaka, Lachisanu lomaliza la Julayi, ndipo inkatenga mtedza wosenda, wouma, wopanda chuku. Pa mtedza umenewo Evelina ankafuna malata, chifukwa udzu wa padenga unatha, ndipo dzinja lonse lapitalo anagona ndi beseni pamiyendo.

"Atate a Obby," anatero tsiku lina akumusitira jekete lija, "tikatuluka, makina azikhala kuti?"

"Amake Obby, izi ni ndale. Si za akazi. Ndipo olo makina apite, makolo athu anali kusenda na manja."

"Manja a ndani?"

Njovu inavala jekete n'kupita ku msonkhano.

Malamulo a Mgwirizano ankati ovota ndi mitu ya mabanja. Motero ovota anali amuna makumi anayi ndi anayi, ndi akazi amasiye atatu. Mwa amuna onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakankhapo mkono wa makina aja. Ankawadziwa monga mmene munthu amadziwira mwezi: amauona, amaukamba, sanaugwirepo.

Ndani angasimbe ukulu wa kampeni imene inatsatira? Njinga khumi ndi imodzi za Tituluke zinazungulira mudzi zitandondozana, mabelu akulira, fumbi likukwera kumwamba ngati utsi wa mzinda wogonjetsedwa, agalu akuthawira m'nkhokwe. A Tikhale anayankha ndi msonkhano umene Ezron anawerengapo mfundo zake khumi ndi zisanu ndi ziwiri, iliyonse ili ndi ana ake, kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka ng'ombe kubwerera kukhola, kotero kuti anthu amene anabwera akumukonda anachoka akumuda. Palibe munthu wamoyo amene anamvapo mfundo zopitirira yachisanu ndi chinayi. Eston anasamuka chipani katatu: koyamba chifukwa cha thobwa, kachiwiri chifukwa cha chipewa, kachitatu chifukwa anaiwala kumene anali.

Pa chinthu chimodzi chokha zipani ziwirizo zinagwirizana, chakuti makina ndi umboni, ndipo asakhudzidwe mpaka chisankho chitachitika. Anawaika pansi pa mtengo wa mango, nawafunditsa lona. Anakhala pamenepo masabata asanu ndi limodzi, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Evelina ankadutsa m'mawa uliwonse popita kumjigo, n'kuwayang'ana, n'kuwerenga masiku ndi zala.

Tsiku la chisankho linafika pakati pa Julayi. Anaika zidebe ziwiri, china cha Tituluke, china cha Tikhale, ndipo wovota aliyense ankaponya njere imodzi ya chimanga. Akazi amasiye aja anaponya zawo mwa Tikhale osayang'ana munthu, n'kubwerera kuntchito. Atavota onse kupatula mmodzi, mbali ziwiri zinali zofanana, ndipo tsogolo la mayiko awiri linatsala m'dzanja la Eston. Iye anayang'ana chidebe cha Tikhale, chimene chinali padzuwa, nayang'ana cha Tituluke, chimene chinali pamthunzi pafupi ndi pamene anakhala. Anatambasula mkono osaimirira n'komwe.

Kasokwe anatuluka.

Loweruka lotsatira kunabwera nthumwi za ku Thope kudzagawana chuma. Anawatsogolera Lucia, mlembi wa Mgwirizano, mkazi wa mlongo wake wa Evelina, atamangirira sipanala pansonga ya chitenje.

"Monile, alamu," anatero Manasseh ndi mawu a mfumu yolandira ogonja. "Lamulo ni limodzi. Chilichonse chibwelele kwa mwini wake. Bokosi na mkono tinawotcheletsa ndife, ku boma kwathu, pa msika wa Lundazi."

"Zoona, alamu," anayankha Lucia. "Chilichonse kwa mwini wake. Mwanena nokha."

Anagwada mwaulemu, namasula mabawuti anayi, natulutsa sefa amene a ku Thope anakagula ku Kasungu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anamusenza pamutu, nati tsalani bwino, nawoloka msewu.

Amuna a Tituluke anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Atenga kachitsulo kobooka! Makina onse atisiyila!"

"Mfundo ya nambala fotini," anatero Ezron chapansipansi. Palibe anamumva. Palibe ankamumva.

Ndipo Njovu ya Kasokwe inaitanitsa chidebe cha mtedza, niukhuthulira m'bokosi, nigwira mkono wa makina koyamba m'moyo wake, anthu onse atakweza zala zazikulu kumwamba. Mtedza unadutsa m'bokosimo ngati alendo odutsa m'mudzi wa njala, n'kugwera pansi wonse ndi makoko ake. Mbuzi ina inayandikira n'kuyamba kudya.

Asilikali a Tituluke sanagonje msanga. Anatenga lata lakale, naliboola ndi msomali tsiku lathunthu, nalimangirira ndi waya. Chimene chinatuluka chinali pakati pa nsinjiro ndi utuchi, ndipo ngakhale mbuzi ija inakana.

M'mawa mwake, akuluakulu a chipani atasonkhana pakhonde pa Manasseh kuti akambirane za tsogolo, Evelina anatuluka ndi mphasa, beseni ndi thumba limodzi. Anaziika pamapazi pa mwamuna wake, nagwada.

"Atate a Obby, makolo athu anali kusenda na manja. Matumba ni fotini. Lole ibwela Lachisanu la sabata yamawa."

Chipani chonse chinali kuyang'ana. Njovu sikanatha kukana mawu ake omwe. Inavula jekete.

Aimbe ena za nkhondo za mikondo. Ine ndikuti palibe nkhondo yoposa ya munthu wamkulu ndi thumba la mtedza wouma, pamene khoko lililonse liyenera kufinyidwa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, limodzi limodzi, ndipo thumbalo silitsika. Tsiku loyamba Mphenzi inasenda theka la chidebe, akuluakulu a chipani atakumbukira mmodzimmodzi kuti ali ndi zochita kwawo. Tsiku lachiwiri chala chachikulu chinatuluka matuza. Tsiku lachitatu matuza anaphulika, chala n'kutupa ngati mbatata.

Pamenepo Manasseh anakumbukira kuti amayi ake ankawaza madzi pamtedza kuti makoko afewe. Mayiwo ankawaza ndi nsonga za zala, pa kamulu kongokwanira tsikulo. Koma Njovu sichita zinthu pang'ono. Inathira zidebe ziwiri zamadzi m'thumba lathunthu, nimanga pakamwa, niliika kuseri kwa chitseko kuti lifewe bwino, osauza munthu.

Patapita masiku atatu Evelina anamva fungo. Anamasula thumba lija, napeza mtedza watentha, wamera chuku chobiriwira. Anayang'ana mtedzawo, umene anaupalira ndi msana wake miyezi inayi, nayang'ana denga. Kunatsala masiku asanu, ndi matumba khumi ndi atatu. Anamanga chitenje n'kulunjika kumalire.

Anaima m'mbali mwa msewu. "Alamu! Odi kumeneko!"

Lucia anatuluka akupukuta manja. "Kodi a dziko lodziimira palokha? Mwabwera ndi pasipoti?"

"Lekani, alamu. Nshawa zanga zikuwola. Sefa wanu akugwila nchito?"

"Agwira bwanji popanda bokosi? Tikuwotcherapo chimanga. Kuno nakonso zala zatha."

"Tibweletse bokosi mawa?"

"Bweretsani. Koma amuna akwathu akwiya. Akuti munatuluka nokha, ndiye pamsonkhano mulibenso mawu. Makina muzidzatenga nokha pa ngolo yanu, muzibwezanso nokha, ndipo chaka chilichonse tiziyamba ndife."

"Kupatula sabata ino."

"Sabata ino ndi yanu. Tidzakuthandizani kupeta. Nanga alamu anga a Njovu muwauza chiyani?"

"Apatseni pepala asaine. Akaona pepala amakhala bwino."

Zokambirana za mayiko awiri zinathera pomwepo. Mbatata yoikidwa pamoto poyamba paja ikanakhala isanapse.

Ndipo kunachitika, Lolemba la sabata yomaliza ya Julayi, mwambo umene sudzaiwalika m'dziko la Mwase Lundazi. Makina anaimikidwa pakati penipeni pa msewu, miyendo iwiri ku Zambia, iwiri ku Malawi. Anabweretsa tebulo la kutchalitchi, nayalapo nsalu yoyera. Pepala linatchedwa Pangano la Ubale wa Mayiko Awiri Odziimira Paokha, ndipo Ezron anayamba kuliwerenga, atawonjezamo mfundo zake. Kumbuyo kwake akazi anali atabwezera kale mabawuti anayi aja, ndipo phokoso la makina linameza mawu ake kuyambira pa mfundo yoyamba.

Manasseh anakwera pampando. "Abale anga! Tinali mu Mgwilizano ngati akapolo. Lelo tabwela ngati alendo olemekezeka! Kale makina anali kutibweletsela anthu akunja, pa nthawi yawo. Lelo tizikatenga tekha, na ngolo yathu, na ng'ombe zathu! Uwu ndiwo ufulu!"

Chala chake chachikulu chinali chokulungidwa ndi chigamba, chotupa moti sichikanapindika. Chinangoima chokha kuloza kumwamba. A Tituluke ataona chizindikiro cha chipani chawo chitakula chotero, anakuwa mokondwa mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Eston analira misozi, nafunsa ngati thobwa ndi la mbali zonse.

Akazi a midzi iwiri anakankha mkono uja mosinthana masiku anayi, ena akupeta, ena akusankha. Lachisanu lole inabwera n'kutenga mtedza wa m'matumba khumi ndi atatu aja. Wa thumba lakhumi ndi chinayi unakwiriridwa kudzala, kuti ngakhale nkhuku zisaudye.

Malata anagulidwa ku boma, nakhomedwa mwezi wa Okutobala. Anakwanira denga lonse kupatula ngodya imodzi ya kuchipinda, pamene panatsala udzu wakale uja. Evelina anayang'ana ngodyayo, nakoka bedi pang'ono, nalitembenuza.

Mvula yoyamba itagwa, Njovu ya Kasokwe inamva dontho pamphumi, kenako lina m'khutu.

"Amake Obby, kuno kukudontha. Sendelani ko pang'ono."

"Iyayi, atate a Obby," anatero Evelina, akuwapatsira beseni. "Chilichonse kwa mwini wake."