Mpongozi Wobiriwira

Pali ukwati wina kwathu kuno umene ndinaimira unkhoswe, ndipo anthu amandiyamikira kuti ndinauyendetsa bwino. Chimene sadziwa n'chakuti ukwati womwewo ndinatsala pang'ono kuupha usanabadwe, ine ndi kompyuta yanga. Mpaka lero mkaziyo akamandisambitsa m'manja atagwada, ine maso amakhala kudenga.

Kompyutayo ndinaipata popuma ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Chisemphere. Abwana atagula zatsopano anandiuza kuti nditenge yakaleyo poti tinazolowerana. Inali ya chimutu chachikulu chija chotulukira kumbuyo, yoti ponyamula umayamba wapuma kaye. Kuyaka kwake kunali kwaulemu. Ukadina batani unkatha kupita kukasamba, kumwa tiyi, n'kubwera kuipeza ikuganizabe. Koma pamsika pathu pano magetsi anali atangofika kumene, ndipo nyumba yokhala ndi kompyuta inali yanga yokha, choncho ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Mphwanga Kondwani, mwana wa achemwali anga aNaphiri, anali ku Joni. Chaka chimenecho anatumiza sidi kudzera mwa mnzake wina wobwera pabasi, kenako n'kuimba foni. Anati wapeza mbeta, mtsikana wa ku Dowa dzina lake Esnati, amene anakumana naye kutchalitchi komweko, ndipo pasidipo pali kakanema koti amayi ake amuone. Ine monga malume ndiwaonetse, ndipo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi adzaimbanso kuti amve yankho. Amayi akakana, iye sapitiriza. (Mwanayo ndi womvera, nthawi zina mopitirira muyeso.)

Ndinayamba ndaonera ndekha. Kondwani waima kumanja, wanenepa, wavala jekete lachikopa. Esnati ali kumanzere, mtsikana wooneka bwino, wakhungu lakuda losalala. Akuti, "Amayi, ine ndine Esnati, ndikupereka moni kwa inu ndi onse kumudziko," kenako akugwada mpaka pansi. Kanemayo n'kuthera pomwepo. Ndinati apa palibe mlandu, yanga ndi kungodina batani.

Achemwali amakhala ku Wimbe, ndipo inali nyengo ya makuponi. Kuponi yawo anali atalandira, koma kudepoti ya kwawoko fetereza anali atatha, ndiye anabwera kudzagonera kwathu kuti azilawirira pamzere wa kuno. Ankachoka kusanache, kubwera madzulo atapsa ndi dzuwa, chimanjamanja, mtima uli m'mwamba. Munthu wanzeru akanadikira kuti apeze kaye thumba lawo. Ine ndinaona kuti kanema awapepuza mtima.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Khutu lakumanja la achemwali linagontha kalekale, lakumanzere limamva ukakuwa, pomwe timasipika ta kompyutayo tinkalira ngati udzudzu. Ndiye ndinatulutsa chida changa pansi pa bedi, sipika yaikulu ya m'galimoto imene ndinkamverera mpira pawailesi. Sipika yotere kuti igunde bwino umaikhazika pakamwa pa mtsuko, aliyense kuno amadziwa. Mtsuko umene tinali nawo unali wa mayi akunyumba, Nabanda, wosungira madzi akumwa. Ndinakhuthulira madziwo m'ndowa, iye akundiyang'ana ndi diso lija, n'kuika mtsuko ndi sipika yake patebulo mogundana ndi galasi la kompyuta, kumanzere, mbali ya khutu lamoyo.

Ndinayatsa, tinayamba kudikira. Achemwali anafunsa ngati nayo ili pamzere. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi chitafika, Kondwani anali bwinobwino ndi jekete lake. Koma Esnati anali wobiriwira. Sindikunena kubiriwira pang'ono ayi, nkhope yonse ngati tsamba la fodya wa kunazale, khosi likupita ku mtundu wa mabiringanya. Anapereka moni wake, mtsuko n'kugunda bwino lomwe, koma pomwe amati ayambe kugwada, kompyuta inaima nji. Mtsikana anangotsala chiimire, kukamwa kuli yasa.

Achemwali anayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwanayu akudwala chiyani?"

Ndinati sakudwala, ndi makina chabe.

"Makina? Nanga Kondwani bwanji sanabiriwire? Si makina omwewa?"

Kunena zoona, funsolo linali lolongosoka kuposa yankho lililonse limene ndinali nalo.

"Ndipo sagwada," anawonjezera.

Ndinapukuta galasi ndi mpango. Ndinaipatsa mbama m'mbali monga tinkachitira kuofesi. Ndinadina timabatani ta pansi pa galasi, timene zaka zonse za ukalaliki sindinatikhudzepo, ndipo Esnati anafufuma ngati wadya yekha chakudya cha paukwati, kenako anatalika mutu mpaka kutuluka m'chithunzi. Kubiriwirako ndiye sikunasunthe. Achemwali anadzuka n'kukakhala pakhonde. Ndinazimitsa, Nabanda anatenga mtsuko wake n'kubwezeramo madzi, sipika n'kubwerera pansi pa bedi.

M'mawa, achemwali atapita kumzere, ndinayatsa ndili ndekha. Inalira "bvuu" monga mwa masiku onse, inaganiza zoganiza zake, ndipo Esnati uja anabwera wakuda bwinobwino, n'kugwada mpaka pansi. Ndinaitana Nabanda kuti akhale mboni, poopa kuti mwina ndine amene ndayamba kuona zanga. Anaona, n'kunena kuti basi yachira, ndiwaonetse alamu ake madzulo.

Madzulo ndinakonza zonse monga dzulo lake, mpando wa mlendo, mtsuko, sipika. Wobiriwira.

Apa ndiye mutu unaima. M'mawa mtsikana ali bwino, madzulo wadwala. Ndikakhala ndekha akugwada, pakabwera apongozi ake akuuma mawondo. Ndinafika poganiza kuti kompyutayo imawaopa achemwali (sizikanakhala zachilendo, ambiri timawaopa). Nabanda anati mwina ndi kutentha kwa masana, poti dzuwa la mwezi umenewo limaphika ndi anthu omwe. Ine ndinati ndi fumbi.

Kutacha ndinatulutsa bokosi la kompyuta panja n'kulitsegula ndi nsonga ya mpeni. Mkatimo munali fodya wa zaka zonse zimene inakhala muofesi yoyandikana ndi shedi yosankhira fodya. Fumbi lake linali litagwirana ngati bulangete, fani yoziziritsa makinawo osaoneka n'komwe. Ndinatenga pampu ya njinga n'kupopera ndi mphamvu zanga zonse, nkhope ili pafupi kuti ndione bwino. Zimene zinatsatira sindizifunira munthu. Ndinayetsemula mpaka misozi, Nabanda anayetsemulira kukhitchini, nkhuku zinathawa pabwalo, ndipo mayi wina wodutsa pamsewu anaima kufunsa ngati tayamba kugulitsa fodya wa m'mphuno. Madzulo ake kompyuta inayaka msangako pang'ono. Esnati anangofulumira kubiriwira.

Ndinaganiza zopita nayo kuboma. Ndinaikulunga m'bulangete, kukwera nayo matola, chimutu chija chili pamiyendo, nditapanikizika pakati pa anthu amwayi amene anali atapeza matumba awo a fetereza. Wokonza makompyuta anali bambo wa msinkhu wanga, wamagalasi. Ndinamufotokozera zonse, iye akugwedeza mutu ngati dokotala. Atayatsa, Esnati anatuluka wowala kuposa kale. Anaonera kanemayo mobwereza, n'kunena kuti ngati kwathu sitikumufuna mtsikanayu timuuze, ali ndi mwana wamwamuna wosakwatira. Anafufutamo zinthu zakale za kuesiteti zimene anati zikuilemetsa, koma za mtundu anati palibe chokonza. Ndinamufunsa monong'ona ngati kompyuta imatha kusankha anthu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ndimamwa. Ine, mkulu wa mpingo.

Loweruka madzulo zinali zomwezo, ndipo ulendo uno achemwali sanadikire n'komwe kuti moni uthe. Ndinawatsatira pakhonde ndikuyalayala mawu, za wokonza wa kuboma, za umboni wa Nabanda. Anandisiya ndimalize. Kenako anatchula dzina limene pabanja pathu sititchula kawirikawiri, la mwana wawo wamkazi Liness, amene anakwatiwa ndi mwamuna wooneka bwino wa m'tauni, ndipo pasanapite nthawi yaitali tinaika mwamunayo, kenako iye.

"Ndinaika kale mwana mmodzi chifukwa sindinayang'anitsitse. Watsala ndi yemweyu. Mawa akaimba, mumuuze kuti ayi."

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, chifukwa Kondwani ndimamudziwa, akamva ayi wa amayi ake sabwereranso kudzafunsa kachiwiri. Mtsikana wosalakwa anali pafupi kukanidwa chifukwa cha chinthu chimene ine ndinachibweretsa m'nyumba modzitama, ndipo sindinkadziwa n'komwe pomwe ndingachigwire.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaika foni pawindo pomwe imagwira netiweki, n'kuwapempha achemwali kuti tiyese komaliza. Anavomera mondimvera chisoni. Ndinakhuthula mtsuko, kukhazika sipika, kuyatsa. Esnati anabwera wobiriwira, n'kuimanso pomwe paja, mawondo asanapinde. Ndinangokhala pansi, manja m'masaya.

Nabanda analowa thukuta lili kamukamu, akadali mu yunifolomu yake ya kumpingo. Anatunga madzi m'ndowa, kulawa, n'kukwinya nkhope.

"Madzi awa afunda ngati osambitsira khanda. Kanema wanu wakana, ndipatseni mtsuko wanga."

Masiku onsewa ankadikira kuti ndizimitse kaye. Tsiku limenelo sanadikire. Ananyamula sipika pakamwa pa mtsuko, n'kuyang'anayang'ana poiika, ndipo poti waya wake unali waufupi, anaidutsitsa pamwamba pa kompyuta n'kuikhazika mbali ya kumanja. Kubiriwira kuja kunanyamuka nayo limodzi. Kunachoka pa Esnati, kunawoloka galasi lonse tikuona, n'kukatera pankhope pa Kondwani.

"Mayo, mwana wanga!" anakuwa achemwali, atadzuka pampando.

Nabanda anadzidzimuka n'kuibweza sipikayo kumanzere. Kondwani anachira, Esnati n'kudwala. Anaibwezanso kumanja. Esnati anachira, Kondwani n'kudwala. Anachita zimenezi kangapo, tonse atatu mitu ikutsatira uku ndi uku. (Pambuyo pake ndinamva kuti kumbuyo kwa sipika kuli maginito, ndipo makompyuta a chimutu aja sagwirizana nayo. Za kuima nji kuja mpaka lero sindidziwa chifukwa chake, koma nako kunkachitika pokhapokha sipikayo ikalumikizidwa. Tsiku limenelo palibe mwa ife amene ankadziwa zimenezo. Nabanda akuti iye ankangofuna madzi ozizira.)

Ndinazula waya, kukaponya sipika kuchipinda, kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso kuti chithunzi chiyambire poyamba. Inalira "bvuu" wake n'kuyamba kuganiza. Nthawi yomweyo foni inalira pawindo.

Sindinaonepo kompyuta ikuchedwa ngati tsiku limenelo. Foni inalira mpaka kuduka. Inaliranso. Achemwali anaitenga n'kuifumbata m'manja osayankha, maso ali pagalasi, ine ndikuipempha kompyutayo chamumtima ndi mawu amene sindinapemphepo nawo ngakhale abwana. Potsiriza awiri aja anatulukira, onse akuda bwinobwino. Koma tsopano mawu anali a udzudzu aja, achemwali osamva kanthu. Moniwo ndinali nditauloweza pamtima chifukwa choonera kosalekeza, choncho ndinawerama pakhutu lawo lakumanzere, ine bambo wa imvi zanga, n'kukuwa ndi mawu aang'ono kuti, "Amayi, ine ndine Esnati, ndikupereka moni kwa inu ndi onse kumudziko." Ndipo mtsikanayo, Mulungu amudalitse, anagwada mpaka pansi.

Achemwali anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Foni italiranso anandipatsa kuti ndiwadinire, n'kuiika kukhutu.

"Kondwani, mkaziyo bwera naye, ndamuona. Koma iweyo ukudya bwino kumeneko? Ndakuona wabiriwira."

Zimene mwanayo anayankha sindinamve. Ndinali nditatuluka panja.

Fetereza wawo anamupeza sabata yotsatira, ndipo ukwati unachitika fodya atagulitsidwa. Phunziro lake ndimalidziwa: chinthu chikavuta, yamba wayang'ana chimene wachiika pambali pake ndi manja ako, usanakwere matola. Kulitsata ndiye nkhani ina, chifukwa posachedwapa wailesi itayamba kulira zachilendo ndinaimasula yonse, pomwe vuto anali mabatire. Mtsuko uja Nabanda anausamutsira kuchipinda, kumbali yake ya bedi.

Tsiku limene Esnati anafika koyamba ku Wimbe, achemwali anamugwira dzanja n'kutuluka naye padzuwa, kumutembenuza nkhope uku ndi uku, kumuyang'ana khosi, kenako n'kumukumbatira akulira. Madzulo ake mtsikanayo anabwera kwa ine monga nkhoswe, n'kugwada, kufunsa mwaulemu kuti zija zimatanthauza chiyani. Ndinayang'ana kudenga, n'kumuuza kuti ndi mwambo wa ku Wimbe.