Lamba wa galamafoni ya apongozi

Mkazi wanga akangondiona ndanyamula sikuludiraiva, amayamba kubisa zinthu m'nyumba. Sindimuimba mlandu.

Apongozi anga aamuna ku Guilleme ali ndi galamafoni yomwe anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Zambia. Chimbale amakonda chimodzi basi, ndipo chimwalirireni akazi awo, amachiika Lamulungu lililonse akachokera ku Misa. Tsiku lina nditatchera khutu, ndinamva oimbawo akukoka mawu ngati ng'ombe zapangolo pachitunda. Ndinaika foni pambale yozungulirayo (muli kapulogalamu koyeza liwiro), ndipo m'malo mwa 33, liwiro loyenera chimbale chotere, inaonetsa 30. Lamba woyendetsa mbaleyo anali atakhwepa.

"Bambo, makinawa akudwala. Ndikukonzereni."

"Akudwala chiyani, akamwini? Akuimbatu."

Ine ndikatsimikiza chinthu sindimva za munthu. Ndinadula chubu cha njinga n'kumangapo, oimba aja n'kuyamba kuthamanga ngati akuthawa mvula. Ndinadula china chopyapyala, chinaduka nyimbo isanafike pakati. Sindinagwe mphwayi. Ndinachonderera dalaivala wina wa thiraki paboda mpaka anandibweretsera lamba weniweni kuchokera ku Lusaka. Kenaka ndinagwada pansi, kupotoza kasikuluwu koongolera liwiro, kuyeza, kupotozanso, mpaka foni inati 33.3 ndendende. Lamba wakale ndinamuponya pamoto wa makoko a mtedza (apa ndi pomwe mutu wanga unapita kokayenda).

Lamulungu litafika, bambo anakhala pampando wawo, ine chifuwa chili patsogolo. Anamvetsera pang'ono, kenaka anadzutsa singano.

"Mwawapititsa kuti?"

"Ndani, bambo?"

"Mayi anu. Ankaimba nayo nyimboyi akusenda mtedza pakhondepa. Mawu awo anali aakulu, ankalowana ndi a m'chimbalemu. Ndikatsinzina ndinkawamva. Awa mwandiikirawa ndi atsikana achilendo."

Ndinachita manyazi osaneneka.

Ndinabweza kasikuluwu mpaka pa 30, koma bambo anapukusa mutu. Lamba wakale uja, kuwonjezera pa kuchedwa, ankatsimphina m'njira yakeyake, ndipo ameneyo anali phulusa.

Ndiye pano lamba wa ku Lusaka uja amakhala pamtengo wa mango kunyumba kwanga, nditamumangirira njerwa kuti akhwepe. Lamulungu lililonse ndimamumasula n'kukwera njinga kukamuyesa pagalamafoni ya bambo. Foni ndimaisiya kunyumba. Sabata yatha bambo anatsinzina nthawi yaitali ndithu, kenaka anati, "Akubwera, akamwini, koma akadali kutali."

Ndawonjezera njerwa ina.